Tsiku Limene a Mwetulirani Analeka Kubisa Mwana Wawo

Mayi wapolisi atalowa m'situdiyo n'kufunsa za mwana wawo wamkazi, a Mwetulirani ananamanso monga ankachitira maulendo onse.

"Sanabwerebe, mayi. Akadali kwa azakhali ake."

"Kwa azakhali akewo kulibe foni?"

"Foni iliko, koma netiweki yake ndi yovuta. Mpaka munthu akwere mumtengo."

Wapolisiyo sanatsutse. Anangoponya maso pa chinsalu cha buluu chimene anthu amaima patsogolo pake pojambulitsa. Chinsalucho chinali chachifupi pang'ono, ndipo pansi pake pankasuzumira zala za mapazi a munthu. Anaziona, n'kubweza maso ngati sanaone kanthu.

"Chabwino, bambo. Akabwera mumuuze kuti mlandu ukulowanso sabata yamawa. Woweruza watopa ndi kuimitsaimitsa. Wanena kuti mboni ikapanda kuoneka ulendo uno, mlanduwo autseka. Zikatero munthu amene anagulitsa mwana wanu atuluka, aziyendanso mumsewu uno."

Atatero anatsanzika. A Mwetulirani anakhala pa kampando ka makasitomala. Zala zija zinasuntha, chitseko chakumbuyo chinalira, mwana n'kubwerera kunyumba.

Dzina loti a Mwetulirani anawapatsa ndi anthu, chifukwa ndi mawu amene ankatuluka pakamwa pawo tsiku lonse: "Dzutsani chibwano, mwetulirani pang'ono." Situdiyo yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi telala. Munali kamera, nyali zokhala ndi timaambulera, galasi, chipeso chomangirira ku chingwe kuti chisamayende ndi makasitomala, ndiponso jekete lakuda lopachika pa msomali. Jeketelo linali la aliyense. Wofuna ntchito, wofuna chiphaso, wofuna mkazi, onse ankalivala kwa kamphindi n'kutuluka pa chithunzi ngati mabwana, m'munsimu muli kabudula wong'ambika.

Ntchito imeneyi ndi imene inawakumanitsa ndi bambo wina amene anthu ankangomutchula kuti Ajenti. Anali munthu wonunkhira, wa mafoni awiri, ndipo ankati amapezera atsikana ntchito za m'mahotela kunja kwa dziko. Ankabwera nawo kudzajambulitsa zithunzi za pasipoti, ndipo sankaiwala kunena kuti, "Avekeni jekete lija, madala. Mabwana akunja safuna nkhope za tiana." A Mwetulirani ankawaveka, kuwakonza kolala, n'kujambula.

Tsiku lina Ajenti anaona mwana wawo wachisamba atawabweretsera tiyi. "Nanga uyu akungokhaliranji?" anafunsa. Mtsikanayo anali atangolemba mayeso, asanafike n'komwe pa zaka zotchedwa munthu wamkulu. Bambo ake anamuveka okha jeketelo, kupindira manja ake mkati poti anali aatali, n'kumujambula. Madzulo ake m'nyumbamo munali chimwemwe chosaneneka. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Hotela kunalibe. Atawoloka malire, mtsikanayo anapeza kuti pasipoti imene ankayendera inali ndi nkhope yake, koma dzina ndi zaka zinali za munthu wina. Anthu amene anamulandira kumeneko anamulanda pasipotiyo pamodzi ndi foni, n'kumutsekera m'nyumba ya anthu osawadziwa. Kumeneko ankachapa, kukolopa ndi kulera ana popanda malipiro, akalakwitsa n'kumenyedwa. Anapulumuka tsiku limene anam'tuma kukataya zinyalala geti lili lotsegula. Apolisi a dzikolo anam'thandiza, boma linam'bweza kwawo, ndipo Ajenti anamangidwa. Atsikana ena amene anapita naye anali asanapezeke. Mboni imene inalipo inali iye yekha.

Nanga bambo wanzeru zake angabisirenji mboni yotere? Chinachitika n'chakuti Ajenti atangomangidwa, mng'ono wake anabwera m'situdiyo ngati wofuna chithunzi. Anakhala pampando, kuwongola khosi, ndipo kamera isanalire anayankhula motsitsa mawu.

"Madala, mwana wanu anadutsa malire ndi pasipoti yabodza. Umenewo ndi mlandu. Akakangotsegula pakamwa kukhoti, woyamba kukwera galimoto ya kundende ndi iyeyo. Ine ndangokutsinani khutu."

Mawuwo a Mwetulirani anawameza okha. Sanauze mkazi wawo, sanauzenso mwanayo, poopa kumusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene anali naye kale. Ndipo popeza mwanayo ankathawira yekha kuseri kwa chinsalu akangoona yunifolomu, iwo ankati nkhani yatha, mwini wake sakufuna.

Atafika kunyumba masana a tsiku limene mayi wapolisi uja anawachenjeza, mkazi wawo anawalandira ndi funso.

"Azakhali ake adzuka bwanji lero? Mlongo wanu tinamuika kalekale, inu mukumusungitsabe mwana. Tsiku lina adzakubwererani kutulo kudzafunsa za sopo."

"Inu simukudziwa zimene ndikudziwa ine."

"Ndiuzeni ndidziwe."

"Mudzadziwa."

"Tidzadziwa munthu uja atatuluka," anatero mayiwo, n'kulowa m'khitchini.

Mawa lake kunabwera a Nesi, mayi a nyumba yoyandikana nayo, kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso cha kuntchito. Ankagwira ntchito kuchipatala, m'chipinda chimene amalandiriramo anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo anali munthu wosadziwa kuzungulira poyankhula.

"Jekete mulifuna?" anafunsa a Mwetulirani.

"Lija lovala mtundu wonse? Ndingatuluke nazo zipere. Jambulani momwemu."

Anakweza kamera n'kujambula. Chithunzi choyamba chinatuluka ngati cha munthu wothamanga. Chachiwiri a Nesi anachiyang'ana n'kugwedeza mutu.

"Aneba, mwandidula chipumi. Zaka zonsezi sindinakuoneni mukulakwitsa chithunzi. Chavuta n'chiyani?"

"Ndi ukalamba."

"Ukalamba suitana apolisi pakhomo. Mayi amene amabwera kunoyo timagwira naye ntchito. Akuti mwana ali kwa azakhali, pomwe ine ndimamuona m'mawa uliwonse akuyanika zovala kuseri kwa mpanda wathu. Kodi mukufuna Ajenti atuluke?"

A Mwetulirani anaika kamera patebulo. Anasuzumira kunja, kukankha chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba anatulutsa mawu amene anawauza mng'ono wa Ajenti. A Nesi anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa.

"Ndiye nzeru imeneyi anakupatsani ndi m'bale wake wa munthu amene ali m'chitokosi, inu n'kuilandira ndi manja awiri?"

"Koma pasipotiyo inalidi yabodza."

"Inali yabodza, inde. Anaipanga ndani? Mwana wanu? Tamverani, aneba. Ine si loya, koma ana otere ndawatsuka mabala ambiri, ena ndawaperekeza mpaka kukhoti. Munthu amene wanamizidwa n'kugulitsidwa, lamulo limamuona kuti ndi wolakwiridwa. Zimene anam'chititsa anthu om'gulitsawo, monga kuyenda ndi mapepala abodza, samuimba nazo mlandu. Akanakhala kuti akufuna kum'manga, akanam'manga kale. Mukuganiza kuti mayi uja alibe maso?"

"Anakuuzani kanthu?"

"Anangondifunsa ngati kumene mumagula nsalu kulibe zazitali."

A Mwetulirani anayang'ana chinsalu chawo ngati chawapereka.

"Komabe mwanayo sakufuna," anatero. "Akangoona apolisi amathawa yekha."

"Munam'funsapo chifukwa chake?"

"Ayi."

"Muitaneni. Abwere ndi mayi ake."

Mtsikanayo analowa kudzera pa chitseko chakumbuyo, mayi ake ali pambuyo akupukuta manja. Chibwerereni anali wowonda, wosayankhulayankhula, maso ali pansi nthawi zonse. A Nesi anamukhazika pampando, iwo n'kukhala pa bokosi pafupi naye.

"Mwanawe, palibe amene akukukakamiza. Ukakana, wakana, ndipo palibe angakunyoze. Koma undiuze chimene ukuopa. Kodi ndi nkhope ya bambo uja?"

"Ameneyo sindimuopa," anayankha chapansipansi. "Nthawi zina ndimalota ndikumuloza chala."

"Nanga n'chiyani?"

Mtsikanayo anakweza maso n'kuyang'ana jekete la pa msomali.

"Akazi awo a Ajenti anandipeza ndikutunga madzi. Anandifunsa kuti, chithunzi cha pa pasipoti anajambula ndani? Jekete anakuveka ndani? Anati ndikakayankhula, ababa akafera kundende, chifukwa boma liziti anali limodzi pa ntchitoyi. Ndiye ine ndinati bola munthuyo atuluke kusiyana n'kuti ababa alowe."

Kutsidya la khoma makina a telala ankalira ngati palibe chachitika.

"Iwe umabisala chifukwa cha ine?" anafunsa a Mwetulirani.

"Eya."

"Inetu ndimakubisa chifukwa cha iwe. Anandiuza kuti akumanga."

Mayi ake anayamba kuseka, misozi ikutsika.

"Taonani anthu awa. Nyumba imodzi, khomo limodzi, wina akubisa mnzake, mnzakeyo akubisanso winayo. Ine n'kumaphikira anthu osadya, ndimvekere mwina mchere ukuchepa."

A Mwetulirani anagwira phewa la mwana wawo. Katundu mmodzi anali atatsika, koma tsopano mawu a mkazi wa Ajenti anali atawalowa iwo.

"A Nesi, zithunzizo ndinajambuladi ine. Jekete ndinawaveka ndine, onsewo."

"Funso limenelo sindingakuyankheni ine, ndingakunamizeni. Akakuyankheni amene amadziwa malamulo. Koma mupite ndi miyendo yanu, mukanene zonse mmene zinalili, osachotsera osaonjezera. Ndikuperekezani."

"Akakandigwira?"

"Mukapanda kupita, amene wakugwirani ndi Ajenti. Ndipo ameneyo satayanso."

M'mawa mwake anauyamba wa kupolisi onse anayi. Kunali dzuwa loswa mtengo, koma a Mwetulirani anavala juzi yaubweya, poti anamva kuti m'chitokosi mumazizira. Makiyi a situdiyo anawapereka kwa mkazi wawo ali panjira, n'kuyamba kuwafotokozera mmene amayatsira nyali.

"Sungani malangizowo," anatero mkazi wawo. "Ine ndikajambula, anthu azidzatuluka opanda mitu."

Kupolisi sanawaimitse pa kauntala pamene pamakhala chigulu. Anawalowetsa m'kachipinda kakumbuyo, ka mipando yofewa ndi maluwa apulasitiki pawindo. Mayi wapolisi uja analowa, n'kupatsa mtsikanayo dzanja.

"Wabwerako kwa azakhali? Unawasiya bwanji?"

Mtsikanayo anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Mayi ake anali asanamumve akuseka chibwerereni.

Kenako munalowa bambo wamagalasi, loya woimira boma pa mlanduwo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. A Mwetulirani anafotokoza za zithunzi, za jekete, za mng'ono wa Ajenti, thukuta likutsikira m'juzi.

"Bambo, ndikufunsani mosapsatira," anatero loyayo. "Munkadziwa kuti zithunzizi zikupita pa mapasipoti abodza?"

"Ndikanadziwa, bwana, ndikanamuveka mwana wanga?"

"Ajenti ankakugawirani kanthu pa atsikana amene ankapita?"

"Ayi. Ankajambulitsa ngati kasitomala aliyense."

"Zimene mwanenazi tizifufuza, chifukwa ndi ntchito yathu, ndipo mwina tikuitananinso. Koma zikakhala mmene mwanenera, inu si wopalamula. Ndinu mboni, ndiponso mboni imene takhala tikuisowa. Munamuona ndi maso akubweretsa atsikana, munamumva akulamula kuti aoneke achikulire. Zimenezo khoti likufunika lizimve."

Kenako anatembenukira kwa mtsikanayo, n'kutsitsa mawu.

"Iwe ulibe mlandu. Za pasipoti ija akayankha ndi amene anaipanga. Ukavomera kuchitira umboni, tikapempha khoti kuti anthu ongodzaonerera atuluke, ndiponso kuti dzina lako lisatuluke kunja. Sukayankhula ukuyang'anizana naye. Pambali pako pakakhala mlangizi, ndipo ukatopa ukanene, tikapuma. Ukuti bwanji?"

Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, kenako loyayo.

"Ndikanena zonse."

"Pali chinanso," anatero mayi wapolisi. "Kuopseza mboni ndi mlandu pawokha. Mng'ono wa Ajenti ndi mkazi wake tiwaitana lero lomwe. Wina akadzabweranso ndi mawu otere, musadzawasunge mumtima. Mudzabwere nawo kuno akadali otentha."

A Mwetulirani anakhalabe pampando, akuyembekezera china.

"Ndiye ine ndibwerere kunyumba?"

"Pokhapokha ngati mwakukonda kuno," anayankha wapolisiyo.

"Vulani juziyo," anatero mkazi wawo, n'kuwaponyera makiyi pamiyendo. "Mukusungunuka."

Tsiku la mlandu linafika. Woweruza analamula kuti anthu osakhudzidwa atuluke, ndipo mtsikanayo anakhala pamalo poti Ajenti samuona. A Mwetulirani anadikira panja pa benchi, poti mboni siiloledwa kumva umboni wa inzake. Anawauza pambuyo pake ndi mkazi wawo kuti mwanayo anayamba chapansipansi, koma atafika pa nyumba imene anam'tsekera anayankhula ngati akuwerenga, osalumpha kanthu.

Nthawi yawo itakwana, loya wa Ajenti anawazungulira ngati khwangwala pa anapiye.

"Si inu amene munkajambula atsikanawa?"

"Ndine."

"Si inu amene munkawaveka jekete kuti aoneke akuluakulu?"

"Ndine, ndipo chimandiwawa mpaka lero. Koma amene ankandiuza kuti ndiwaveke ndi uyo wakhala apoyo. Wa mafoni awiri, ngakhale lero sindikuwaona."

Woweruza anatsokomola, n'kuuza loyayo kuti apitirize ngati ali ndi funso lina. Analibe lomveka.

Mlandu sunathe tsiku lomwelo. Milandu imayenda ngati nkhono, ndipo banjali linabwererako maulendo angapo. Koma pa tsiku la chigamulo khoti linapeza Ajenti wolakwa pa mlandu wozembetsa ndi kugulitsa anthu, n'kumulamula kukakhala kundende zaka zambiri. Mng'ono wake ndi mkazi wake anali akuyembekezera mlandu wawo. A Mwetulirani anatuluka m'khotimo opepuka ngati munthu amene watula thumba la simenti. Anapeza kuti ali ndi njala, njala yeniyeni, imene anali ataiiwala.

Akutsika masitepe, mayi wina wogulitsa zipatso anawatsekera njira. Anali atakhala panja kuyambira m'mawa, dengu lake lili pambali, osaitanira malonda. A Mwetulirani anamuzindikira, chifukwa nkhope saiwala. Mwana wake anakhalapo pa kampando kawo.

"Pepani, bambo," anatero mayiyo, akuyang'ana uku ndi uku. "Wanganso anapita ndi munthu yemweyu, ndipo foni yake inasiya kulira. Koma anatiuza kuti tikanena kupolisi, akam'manga komweko. Ndiye ndimafuna ndione kaye ngati mwana wanu atuluke."

A Mwetulirani asanapeze poyambira, mwana wawo anayankha.

"Ndatuluka, mayi. Ndi ine pano."

Ananyamula dengu la mayiyo, kumugwira dzanja, n'kukwera naye masitepe kupita pamene panaima mayi wapolisi uja. Sipanapite nthawi, mabanja enanso anabwera okha, ndipo apolisi a mayiko awiriwo anapeza poyambira. Atsikana ena anabwezedwa kwawo, pakati pawo pali mwana wa wogulitsa zipatso. Ena akufunidwabe.

Phunziro la nkhaniyi ndi losabisika. Anthu ozembetsa ndi kugulitsa anzawo amadalira mantha athu. Amatinamiza potenga ana athu, ndipo akagwidwa amatinamizanso kuti tikhale chete. Munthu amene wagulitsidwa si wopalamula, ndi wofunika thandizo. Boma likhoza kumanga wozembetsa anthu, koma khoti silingamupeze wolakwa ngati mboni yabisala. Wina akakuopsezani, musasunge mawu ake nokha. Uzani a m'banja mwanu, ndipo kafunseni kupolisi, kuchipatala kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kuyankhula kwa banja limodzi kumapulumutsa ana a mabanja ambiri.